Masiku 9 amene bwana sawakhudza

Loweruka lina mu Novembala, chaka changa choyamba kuno ku Wisconsin m'dziko la America, ndinalowa m'khitchini ya pa yunivesite yathu, mmene ndimagwira maganyu otsuka ziwiya, n'kupeza kuti anthu achepa. Mdala wophika amene amatsegula khitchiniyo m'mawa uliwonse kunalibe. Mnyamata wotsitsa katundu kunalibenso. Ngakhale mayi wa pa mashini olipirira anali atasowa. Ndinafunsa kapitawo ngati kwagwa maliro, pakuti kwathu anthu atatu sajomba tsiku limodzi pokhapokha kutagwa zovuta. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Lero atsegulira kusaka mbawala." Ananena ngati mmene munthu angakuuzire kuti lero ndi Khirisimasi, kenako anandilozera mulu wa mapoto.

Sabata imeneyo maola anga onse 20, omwe ndi malire amene viza ya wophunzira wochokera kunja imalola, anathera pa sinki m'masiku atatu okha. Msana unkawawa, asayimenti ikundidikira kuchipinda. Usiku ndinadandaula pa gulu lathu la WhatsApp la anzanga amene tinamaliza limodzi digiri yoyamba kumudzi. Mayankho anabwera msangamsanga. Wina anati azungu akhuta, asowa chochita. Wina anati bambo wa ndevu zake kusiya ntchito chifukwa cha kanyama ka kutchire n'chibwana. Wachitatu, amene amagwira ntchito yovala tayi, anati kukanakhala kwathu mdalayo akanapeza kalata ikumudikira pa tebulo. Onse anaseka, inenso ndinaseka.

Ndikulemba izi pofuna kubweza kuseka kwangako. Mdala uja sanalakwe. Iye amadziwa chinthu chimene ife ndi madigiri athu tinachitaya: nthawi ya moyo wako palibe bwana amene adzakupatse ngati mphatso. Umachita kuipatula wekha, kuilengeza, kuilipira, n'kuikakamira ngakhale anthu akuseke. Ife amene timadzitama kuti sitipuma, amene timayankha uthenga wa kuntchito tili pa ukwati wa mlongo wathu, tilibe ufulu woseka munthu ameneyu. Tiyenera kumuchitira nsanje.

Ndiyambe ndafotokoza za kusakako, kuti tikhale pamodzi. Nyama imene akusakayi eni ake amaitcha white-tailed deer. Ine ndiitcha mbawala, chifukwa kukula kwake n'kofananako, ngakhale kuti yamphongo yake ili ndi nyanga zanthambi zomwe zimagwa chaka chilichonse n'kumeranso. Ku Wisconsin nyengo yaikulu yosaka ndi mfuti imakhala ya masiku 9. Imayamba Loweruka la sabata yotsogolera chikondwerero cha Thanksgiving, chomwe chimakhala Lachinayi lachinayi la Novembala, ndipo imatha Lamulungu lotsatira chikondwererocho. M'chigawo cha anthu osakwana 6 miliyoni, oposa 500,000 amagula laisensi yosakira ndi mfuti chaka ndi chaka. M'mawa wa Loweruka limenelo m'nkhalango mumakhala anthu ochuluka kuposa asilikali a mayiko ambiri, onse atavala zovala zowala za mtundu wa lalanje kapena pinki, zomwe lamulo limafuna kuti mlenje aoneke kwa mlenje mnzake. Ndi aphunzitsi, oyendetsa malole, anamwino, alimi a ng'ombe za mkaka, amakaniko. Ambiri mwa iwo Lolemba lotsatira amabwerera kukagwira ntchito kwa bwana ngati inu ndi ine.

Chinsinsi cha mdala uja ndinachiona mu Januwale. Tsiku loyamba titatsegulira, anatenga cholembera chofiira n'kupita pa kalendala yatsopano ya pakhoma. Anavundukula masamba mpaka Novembala, n'kudula mzere pa masiku 9, pamwamba n'kulemba dzina lake. Kapitawo anali pomwepo akumwa khofi ndipo sanatsutse. Ndinafunsa kuti, "Bambo, mwayambiratu pano? Novembala ali kutali." Anandiyankha kuti, "Mnyamata iwe, amene amapempha mu Okutobala amapemphadi. Ine ndimangodziwitsa."

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kumuonetsetsa, ndipo ndinapeza kuti masiku 9 aja amawagula chaka chonse. M'nyengo yotentha, anzake akamalimbirana tchuthi chopita kunyanja, iye amakhala pa chitofu. Wina akadwalitsa mwana, woyamba kutenga shifiti yake amakhala iye, ndipo amalemba m'kabuku. Sabisa kuti akusunga ngongole zoti adzatolere mu Novembala. Lachitatu madzulo, m'miyezi yomwe dzuwa limalowa mochedwa, amapita ku kalabu ya owombera kukaphwanya timbale tadothi timene mashini amaponya m'mwamba. Amakhalako ola limodzi basi, n'kubwerera kukadya ndi banja. Mu Okutobala amatenga tsiku limodzi kukayesa mfuti yake pa chandamale kuti aone ngati ikulunjika bwino, chifukwa mfuti yokhota imavulaza nyama n'kuisiya ikukafera patali. Palibe pamene amazemba. Palibe tsiku limene amanamizira mutu kapena maliro a azakhali amene anamwalira kale kawiri, monga timachitira ena. Zonse zili poyera, zolembedwa, zolipiridwa. Inenso ngongole yanga ya mapoto aja anandibwezera popanda kumukumbutsa. Sabata ya mayeso anatenga mashifiti anga awiri.

Apa m'pamene ndikusiyana ndi alaliki a masiku ano amene amatiuza pa YouTube kuti munthu wanzeru amaphatikiza zonse pamodzi, ntchito pang'ono, banja pang'ono, masewera pang'ono, foni ili m'manja. Kuphatikiza kumeneko ndi bodza lonona. Pochita, chimatanthauza kuti ntchito imalowa paliponse, pomwe moyo sulowa mu ofesi. Sindinaonepo munthu akusewera bawo pa msonkhano wa kuntchito, koma ndaona ambiri akuyankha maimelo ali pa bawo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ife tasankha kuima pakati pa mapangawo, tikunyowa, n'kumati ndiye chitukuko.

Novembala wachiwiri mdala anandiitana kuti ndimuperekeze. Sindinanyamule mfuti. Anandibwereka chovala cha lalanje ndi nsapato zokhuthala, tinadzuka usiku usiku n'kuyenda mu mdima mpaka pa nsanja yomangidwa mumtengo, yonga ija timaingira anyani kumunda. Lamulo limalola kuyamba kuwombera kutatsala mphindi 30 kuti dzuwa lituluke, choncho mlenje amayenera kukhala atakhazikika kale nthawiyo isanakwane. Tisanakwere anandiuza kuti, "Foni uthimitse. Ukafuna kuiyatsa, katsale m'galimoto." Kunkazizira moti madzi a m'botolo langa anayamba kuundana.

Ndikuuzeni zoona, anzanga. Sindinathe kukhala chete. Pasanathe mphindi 20 dzanja linali litapita kale m'thumba. Mutu unkawerenga ntchito zotsala, uthenga wosayankhidwa, lendi, ndalama zotumiza kumudzi. Mdala anali phee, maso ali ku mzere wa mitengo, ngati munthu amene wafika kwawo. Ine, wophunzira wa digiri yachiwiri, ndinazindikira kuti sindingathe chinthu chimene wophika uyu amachita maola asanu osatopa, chomwe ndi kukhala pamalo amodzi ndi mtima wonse. Cha m'ma 9 koloko mbawala yaikazi inatulukira ndi mwana wake wamkulu. Tinaiona ikununkhiza mphepo, ikugwedeza makutu. Mdala sanakweze n'komwe mfuti, chifukwa kumbuyo kwake kunali kakhwawa kolowera ku munda wa munthu ndipo sankaona bwino chimene chili kuseriko. Inadutsa. Tsiku limenelo tinabwerera chimanjamanja, koma iye akuimba mluzu.

Masewera owombera ali ndi khalidwe limene masewera ena alibe: salola mtima uwiri. Aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1973 amayenera kuchita maphunziro a ulenje asanaloledwe kusaka yekha ku Wisconsin, ndipo pa maphunzirowo amakhomereza mfundo zinayi. Mfuti iliyonse uitenge kuti ili ndi chipolopolo. Kukamwa kwake kusaloze kumene sukufuna kuwononga. Udziwe chimene ukuwombera ndi chimene chili kuseri kwake. Chala chisafike pokhethemulira mpaka utatsimikiza. Munthu sangasunge mfundo zimenezi uku akuganiza za lipoti la bwana. Mukhoza kuonera mpira uku mukulemba imelo, koma pa mfuti kugawa maganizo ndi imfa. N'chifukwa chake anthuwa amabwerako atapumadi. Kwa masiku angapo ntchito inalibe polowera.

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa ndinazimva kale pa gulu lija, ndipo zina mwa izo zili ndi mano. Choyamba muti izi ndi za anthu okhuta. Muti ku America kuli ndalama, kwathu ukangoti tchuthi pali achinyamata 200 pa geti atanyamula maenvelopu akudikira mpando wako. Ulova wa kwathu ndimaudziwa, ndinakhalapo pa geti limenelo. Koma tamvani ichi. Ku America kulibe lamulo la dziko lonse lokakamiza bwana kupereka tchuthi cholipidwa. Wantchito amapeza chimene wagwirizana ndi kampani kapena chimene bungwe lake la antchito lamumenyera. Kwathu ku Malawi lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limanena kuti wogwira ntchito masiku 6 pa sabata ali ndi masiku osachepera 18 a tchuthi cholipidwa pa chaka, ndipo wogwira masiku 5 ali ndi masiku osachepera 15. Ndiye kuti wophika amene lamulo la dziko lake silimulonjeza ngakhale tsiku limodzi amatenga masiku ake mutu uli m'mwamba, pomwe ife amene Nyumba ya Malamulo inatilembera masiku 15 timaopa kuwatchula. Ena timanyadira kumene kuti zaka zitatu zatha osapuma. Umenewo si umphawi wokha ayi. Muli mantha amene tawaveka suti n'kuwatcha khama.

Ndipo mdalayu si wolemera. Galimoto yake ndi yadzimbiri, mfuti yake inali ya bambo ake. Mbawala imodzi yaikulu bwino imapereka nyama yopanda mafupa yokwana makilogalamu 20 kapena kuposerapo. Chaka chimene wapha, filiji yake imadzaza, ena amapangira masoseji, ndipo ndiwo za banja zimachepetsa ulendo wa kugolosale kwa miyezi. Amene apha zoposa zofuna zawo amatha kupereka ku ndondomeko imene imagawa nyamayo kwa osowa chakudya. Ulenje wa mtundu uwu uli pafupi ndi dimba la agogo kuposa gofu ya mabwana.

Chachiwiri muti n'kupha nyama kosangalatsa chabe, ndipo munthu sayenera kusiyira ntchito nkhanza. Mbiri ikunena zina. Cha m'ma 1900 mbawalazi zinatsala pang'ono kutha ku America chifukwa cha kudula nkhalango ndi kusaka kogulitsa kopanda malire. Akatswiri amayerekeza kuti zinatsala pafupifupi 500,000 m'dziko lonse. Lero zikuyerekezedwa kuti zili pafupifupi 30 miliyoni. Mbali ina ya ndalama zimene zinazibweza inachokera m'matumba a alenje omwewo. Mu 1937 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa Pittman-Robertson, limene limatenga msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo, womwe lero ndi 11 peresenti pa mfuti zazitali ndi zipolopolo, n'kuugawa ku zigawo kuti zisamalire nyama zakutchire ndi malo ake. Ngakhale wowombera timbale tadothi Lachitatu madzulo, amene sanaphepo ngakhale njiwa, amasonkha nawo pa bokosi lililonse la zipolopolo.

Vuto la lero ndi kuchuluka kwa mbawala. M'madera ambiri mimbulu imene inkazidya inaphedwa kalekale, ndiye zimaswana mpaka kudya timitengo tonse tating'ono m'nkhalango, kulowa m'minda ya chimanga ndi kugundana ndi magalimoto pa msewu. Aldo Leopold, pulofesa wa pa University of Wisconsin amene ambiri amamutenga ngati tate wa sayansi yosamalira nyama zakutchire ku America, anachenjeza za zimenezi m'zaka za m'ma 1940. Anati zazikazi nazo ziyenera kuphedwa kuti nkhalango ipume, ndipo alenje ambiri anamuda nazo. Kuyambira 2002, pamene matenda oononga ubongo wa mbawala otchedwa chronic wasting disease anapezeka ku Wisconsin, alenje akhala akupereka mitu ya nyama zawo kuti ikapimidwe, ndipo boma limadziwira pamenepo kumene matendawo afika. Mwa njira ina, masiku 9 amenewa ndi ntchito ya boma imene anthu wamba amaigwira pa tchuthi chawo, n'kulipiranso okha laisensi. Mukhoza kudana ndi kupha nyama, ndipo ndikulemekezani ngati simudya nyama. Koma ngati munadya kanyenya dzulo, nkhani ya nkhanza tiisiye.

Chachitatu ndi chimene sindingachikane. Muti mfuti ku America ndi mliri. N'zoona. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dziko muno, oposa theka mwa iwo atadziwombera okha. Munthu wakuda ngati ine sayenda m'nkhalango ya eni ake, pakati pa anthu onyamula mfuti, mtima uli m'malo. Ndinapita chifukwa ndinali ndi munthu amene amadziwika kumeneko. Sindikupempha kuti mfuti zichuluke kwathu, Mulungu atileze. Ndikungoti mfuti ya mdala, imene imakhala m'kabati yachitsulo yokhoma chaka chonse, zipolopolo zili kwina, n'kutuluka pa masiku olembedwa, ndi mbali ya nkhaniyi imene ili ndi mwambo. Dziko lino likanagwira mfuti zake zonse mmene iye amagwirira yake, chiwerengero chija sichikanafika pamenepo. Phunziro limene ndikutolapo ine lili pa kalendala, osati pa mfutiyo.

Chachinayi anandifunsa ndi mnzanga wamkazi wa pa gulu lomwe lija, ndipo linali funso lanzeru kuposa onse. Anati, "Achimwene, bambowo akakhala mumtengo masiku 9, ana akusamba ndi ndani?" Apa ndiye pagona nkhani. Kuno kuli ngakhale dzina loseka la akazi otsala pakhomo nyengo imeneyi, amawatcha amasiye a mbawala, ndipo masitolo ena amawakonzera malonda apadera Loweruka lotsegulira lija. Alipo amuna amene ufulu wawo wonse wa kutchire umalipiridwa ndi mkazi amene sanapumepo tsiku limodzi. Alipo amene amagula mfuti yachitatu lendi isanalipidwe, ndi ena amene msasa wa alenje kwa iwo ndi dzina lina la bala. Anthu otere sindikuwaikira kumbuyo. Iwo sanapatule nthawi, anangoiba kwa munthu wofooka kuposa bwana. Ndinamufunsa mdala za zimenezi. Anandionetsa kalendala ina ya kunyumba pa foni yake. Mu Malichi munali mzere wa sabata yathunthu wa akazi awo, imene amapita kwa achemwali awo, iye n'kutsala ndi zidzukulu ndi mapoto a kunyumba. Anati, "Ndikadula mzere wanga, wawonso umadulidwa tsiku lomwelo." Muyeso wake ndi umenewu. Nthawi yako ndi yako ngati walipira ndiwe. Ngati akulipira ndi mkazi wako, amayi ako kapena kamnyamata kotsuka mapoto komwe sudzakabwezera, ndiwe bwana wina chabe.

Musaganize kuti kuno nkhondoyi inatha ndipo alenje anapambana. Ntchito ikuwameza nawonso. Kafukufuku wa boma la America anapeza alenje 13.7 miliyoni mu 2011, koma pofika 2016 anali 11.5 miliyoni. Zifukwa zake n'zingapo, monga kukalamba kwa alenje akale ndi kusowa malo osakako, koma ukacheza ndi achinyamata a kuno amene makolo awo ankasaka, yankho lobwerezabwereza ndi lomwe timapereka ife: nthawi palibe. Chitsanzo chabwino chili ku Pennsylvania. Kwa zaka zoposa 50, nyengo yosaka ndi mfuti kumeneko inkatsegulidwa Lolemba lotsatira Thanksgiving. Masukulu ambiri a kumidzi ankatseka tsikulo, malo ena a ntchito ankadziwiratu kuti anthu sabwera. Mu 2019 bungwe loyang'anira ulenje la Pennsylvania Game Commission linasamutsira tsikulo ku Loweruka, ndipo chifukwa chachikulu chinali choti ogwira ntchito ndi ana a sukulu amene sangapeze Lolemba apeze mpata. Ambiri anakondwa, ndipo ndikuwamvetsa. Ena anakwiya mpaka lero, akuti kale ankakhala ndi Loweruka ndi Lamulungu loyenda ulendo, kukonza msasa ndi kucheza ndi abale, pomwe tsopano amadzuka pa tebulo la chikondwerero n'kuthamangira kutchire.

Ine chimene ndikuona pa nkhani ya ku Pennsylvania ndi kumene zinthu zinapendekera. Kale ntchito ndi sukulu zinkapatukira mwambo. Tsopano mwambo ndi umene wapatukira ntchito. Palibe amene analetsa kusaka, anangokukankhira ku masiku amene bwana sawafuna. Umu ndi mmene moyo umatherera, anzanga. Sabwera munthu kudzakulanda. Umangosunthidwa pang'onopang'ono, kuchoka Lolemba kupita Loweruka, kuchoka Loweruka kupita madzulo, kuchoka madzulo kupita ku "ndikadzapuma pa ntchito", ndipo ambiri sitifikako.

Nkhaniyi imandiwawa pa chifukwa china, ndipo ndichinene. Agogo anga aamuna anali mlenje pa unyamata wawo. Ankasimba za uzimba, pamene amuna a mudzi wonse ankatuluka m'chilimwe, zokolola zili m'nkhokwe, ndi agalu, mauta ndi zibonga, ndipo nyama inkagawidwa motsata mwambo. Nthawi imeneyo palibe amene ankafunsa ngati munthu ali ndi mpata. Chaka chinali ndi nyengo yolima, nyengo yokolola ndi nyengo yochita zina. Atsamunda atabwera ndi malamulo awo a nyama, ulenje wa mzungu wa laisensi unakhala masewera a ulemu, wa munthu wakuda n'kusanduka mlandu. Ndisanabwere kuno ndinagwira ntchito chaka ndi theka pa ofesi ina ku Lilongwe. Agogo ananditumizira uthenga kawiri kuti ndipite ndikakhale nawo sabata imodzi, ali ndi zoti andiuze. Masiku a tchuthi ndinali nawo. Palibe amene anandikaniza, chifukwa sindinapemphe n'komwe. Ndinkafuna kuoneka wolimbikira, ndinkati ndipita mwezi wa mawa. Ndinapitadi, koma kukanyamula bokosi. Ofesi ija inandipatsa masiku atatu, ndipo nditabwerako ntchito inali itayenda bwinobwino popanda ine. Zimene agogo ankafuna kundiuza zinapita nawo.

Ndiye pamene ndinkaseka mdala wa kukhitchini pa WhatsApp, ndinkaseka munthu amene anachita chimene ine ndinalephera. Iye mfuti ya bambo ake akuigwiritsabe ntchito pa nsanja imene anamanga limodzi, ndipo chaka chino akutenga mdzukulu wake. Ine ndatsala ndi satifiketi yoyamikira kuti sindinajombepo.

Sindikukutumani kutchire. Mukalowa ku Liwonde kapena ku Kasungu ndi msampha mukakumana ndi lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017, lomwe pa milandu ikuluikulu limafika zaka 30 m'ndende, ndipo m'pake, chifukwa nyama zathu n'zochepa pomwe za kuno zasefukira. Mbawala yanu ikhoza kukhala ina. Wina ndi kwaya, wina ndi timu ya netibo, wina ndi kukwera Sapitwa, wina ndi kukakolola ndi amayi ake ku Mzimba, wina ndi kukhala pa khonde ndi agogo amene akadali moyo. Chofunika n'choti chikhale chinthu chimene foni singalowemo, ndipo chikhale ndi masiku ake enieni, osati "ndikapeza mpata".

Kwa inu amene mwangoyamba ntchito, ndikudziwa kuti mawu awa ndi opepuka kulemba ndili kutali. Alipo mabwana amene amaona tchuthi ngati mwano, ndipo amene ali pa kontilakiti ya miyezi itatu kapena ongophunzira ntchito alibe mphamvu zimene wolembedwa ntchito yokhazikika ali nazo. Koma njira ya mdala ndi ya anthu opanda mphamvu omwe. Nenani msanga, chaka chikamayamba, pamene palibe amene angati mwamudzidzimutsa. Lembani, pakhale umboni. Thandizani anzanu pa nthawi yawo kuti pa nthawi yanu pakhale okuimirirani. Gwirani ntchito yoti masiku ena onse palibe angakutoleni chifukwa. Mukapita, pitani ndithu, musamayankhe mauthenga kuti muoneke abwino, chifukwa mukayankha kamodzi mwaphunzitsa ofesi yonse kuti tchuthi chanu n'chongoyerekeza. Ndipo inu amene mwayamba kukwera, amene muli ndi anthu awiri atatu pansi panu, kumbukirani kuti bwana amene tinkamudandaula uja tsopano ndi inuyo. Mnyamata akabwera ndi fomu ya tchuthi, musamufunse kuti akukatani. Si nkhani yanu.

Mnzanga wovala tayi uja anandilembera posachedwa kuti dokotala wamuuza kuti BP yake yakwera, ali ndi zaka 29. Anati mwina ayambe kuthamanga m'mawa akapeza mpata. Ndinamuuza kuti mpatawo sadzaupeza, achite kuudula ndi cholembera.

Januwale wathayu, mdala atamaliza kudula mzere wake, ndinamupempha cholembera chofiira chija. Ndinavundukula mpaka Ogasiti n'kudula masabata awiri. Kumudzi tikukamanga chiliza cha agogo, ndipo agogo aakazi akadali moyo, akuti nawonso ali ndi zoti andiuze. Kapitawo anayang'ana kalendala, anayang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Iwenso wayamba kusaka?" Ndinati eya.